Nyambo ya a Chikhosi pa Tchesi

Ana inu, anthu ena adzakuuzani zawo, koma kwathu ku Ntcheu mwambi uwu timaufotokoza chonchi.

Kudali bambo ena dzina lawo a Chikhosi, katswiri wa masewero a tchesi. Mapointi awo adaposa a wina aliyense m'bomalo, ndipo chaka chilichonse ndiwo ankapita kumpikisano waukulu ku Lilongwe. Malo adali amodzi okha basi.

A Chikhosi ankayamba masewero mwa njira imodzimodzi. Ankakankha msilikali mmodzi n'kumusiya poyera ngati amuiwala. Mnzawo akangomudya, njira inkatseguka, mfumukazi yawo n'kutulukira, masewero n'kuthera pomwepo. Anthu adalira nayo nyambo imeneyi zaka zambiri. Eni akewo adaleka ngakhale kuphunzira zatsopano, ndipo kunena zoona, matama adawakulira.

Mlamu wawo, a Dzimbiri, nawonso ankasewera. Adagonjapo kambirimbiri, koma akagonja ankapita kwawo n'kukayalanso masewerowo okha, kufufuza pomwe adalakwitsa. Tsiku lina adawachenjeza.

"Alamu, sinthaniko mayambidwe. Anthu akuonani mokwanira."

"Ndisinthe chifukwa cha yani? Cha inu?" adaseka a Chikhosi. "Bwerani mudzadyenso, msilikali wanu ndakusungirani."

Pampikisano wosankha wopita ku Lilongwe, awiriwa ndiwo adatsala kumapeto. A Chikhosi adakankha msilikali wawo monga mwa masiku onse, napinda manja. A Dzimbiri adamuyang'ana, namusiya ali pomwepo, n'kutulutsa hatchi yawo.

"Idyani, alamu!"

"Pepani, lero ndakhuta."

Haa! Apa ndiye padavuta. A Chikhosi sadadziwe choti achite munthu akakana kudya, pakuti sadaganizepo n'kamodzi komwe. Mfumukazi idasowa potulukira, mfumu idakhala pambalambanda, iwo thukuta lili kamukamu. Posakhalitsa adagonja, ndipo zidawawawa kwambiri.

Pogwirana chanza a Dzimbiri adati, "Kale nyambo yanu inkatitulutsa misozi ngati kambuzi. Koma alamu, tsabola wakale sawawa."

Mawuwo adafala, ndipo mpaka lero timati tsabola wakale sawawa. Tanthauzo lake n'lakuti nzeru yomwe idakupambanitsa dzana siingakupambanitse mpaka kale, chifukwa anzako sagona, amaphunzira. Chaka chimenecho a Chikhosi adangoperekeza alamu awo kudepoti, atawanyamulira chikwama.