Anapambana Atatu, Tikiti ndi Imodzi

Kalekale, koma si kale loti n'kukafunsa kwa akuluakulu ayi, ku Kawale mumzinda wa Lilongwe kunali mwamuna wina dzina lake Fatsani Kadzuwa. Ntchito yake inali yowotcherera zitsulo: mageti, mafelemu a mawindo, mbaula. Koma mtima wake wonse unali kuseri kwa shopu, m'kachipinda momwe anaikamo makanema atatu ndi makina atatu a gemu, ogula pa kaunjika amodziamodzi.

Gemu imene ankaikonda inali ya asilikali. Atatu mbali ino, atatu mbali inayo. Gulu lina limatchera bomba m'nyumba n'kumalilondera, gulu linalo lilowe, likadule mawaya nthawi isanathe. Ukaomberedwa m'mutu, chigawo chimenecho chako chatha, ngakhale kulankhula ndi anzako sungathenso. Ukangovulala, umakwawa pansi kudikira mnzako kuti adzakudzutse. Si gemu yongothamanga ndi mfuti ngati wamisala. Imafuna kupangana.

Kwa zaka zitatu, Lamlungu lililonse masana, Fatsani ankasewera ndi anthu awiri. Wina anali mlongo wake Sungeni, mphunzitsi wa masamu. Wina anali Lameki, mnzake wa kuyambira ali ana, woyendetsa njinga yamoto ya kabaza. Panalinso mlamu wake Mayeso, mlongo wa mkazi wake, amene ankakhala pakhomo pawo akufunafuna ntchito. Uyu ankangogwira padi yoseweretsera gemuyo wina akatuluka kukamwa madzi.

Chaka china kampani ina inalengeza mpikisano wa dziko lonse. Inati gulu lopambana lidzapita ku Joni miyezi isanu ndi umodzi, kukasewera m'timu yolipidwa. Fatsani analembetsa anthu anayi, iye ngati kaputeni, Mayeso ngati woyembekezera. Anamenya magulu onse a m'chigawo chapakati mpaka kufika mu fainolo.

Kutatsala masiku asanu, gilayinda yodulira zitsulo inamupulumuka Fatsani n'kumung'amba chala chachikulu cha kumanja. Kuchipatala anamusoka, namumanga bandeji yaikulu ngati chinangwa.

"Adokotala, Loweruka ndikhoza kugwira padi?"

"Bambo, ngakhale batani la malaya simumanga. Mwezi wathunthu chalachi chipume."

Anayesabe atafika kunyumba. Magazi anatulukira pa bandeji. Anaika padi pansi, natuluka panja.

Loweruka holo inadzaza. Adani awo anali anyamata a ku Blantyre, ndipo mtsogoleri wawo anthu ankamutcha Kadzidzi, chifukwa ankabisala pamwamba n'kumatola anthu ndi mfuti yakutali. Oyendetsa mpikisano anamukhazika Fatsani pampando kumbuyo kwa gulu lake, namuuza kuti akangotsegula pakamwa gemu ili m'kati, amutulutsa. Pamalo pake panakhala Mayeso.

Mmene zinayendera, Fatsani anachita kulakalaka akanakhala kunyumba. M'chigawo chachitatu Mayeso anaponya bomba lam'manja, linagunda khoma, n'kubwerera kudzapha Sungeni ndi Lameki. Holo yonse inafa ndi phwete. Fatsani analuma kolala ya malaya ake. Ankaona mdani akuzembera kumanzere, mawu ali pakhosi, koma osaloledwa kuwatulutsa. Komabe magulu awiriwo anakokanakokana mpaka zigawo zinayi uku, zinayi uko. Chachisanu ndi chinayi ndicho chinali chogamula, ndipo a ku Kawale ndiwo anali olowa kukadula mawaya.

Tsono mverani zimene aliyense anachita.

Sungeni, m'zigawo zonse zija, sankangosewera. Ankawerenga. Anaona kuti Kadzidzi akawombera kawiri amasamukira pawindo lina, ndiponso kuti anzake awiri zinthu zikathina amalondera zitseko zokha. Asanayambe anati, "Zitseko zisiyeni. Tilowera m'ngalande ya pansi, tikatulukire pabwalo lam'kati. Ine ndikaponya utsi kugeti kuti aziyesa tili kumeneko." Lameki anakana, akuti ngalandeyo ndi manda. Sungeni anaumirira. Zinayenda monga ananenera, adani onse maso kugeti. Koma iye poponya utsi anachedwa kubweza mutu, Kadzidzi n'kumutola. Anafa woyamba, osaombera chipolopolo n'chimodzi chomwe.

Lameki anatulukira m'ngalande kumbuyo kwa alonda awiri aja. Woyamba anamugwetsa asanatembenuke. Wachiwiri analimbana naye pamakwerero mpaka anamugwetsanso, koma iye ataomberedwa kwambiri, moyo utatsala kadontho. Panthawiyo Mayeso anali gone pakati pa bwalo, atavulala, akukwawa. Nthawi inatsala masekondi makumi anayi, ndipo chipinda cha bomba chinali pafupi. Fatsani mumtima ankakuwa kuti msiye, msiye, thamangira bomba! Lameki sanatero. Anabwerera pabwalo poyera, nagwada, nayamba kudzutsa Mayeso, thupi lake atalitchingira kumene kunali mawindo. Mayeso atangoimirira, mfuti ya Kadzidzi inalira, Lameki n'kugwa.

Mayeso anatsala yekha, munthu amene tsiku lonse anali asanaphe mdani aliyense. Analowa m'chipinda muja, nagwira bomba kuti kaphokoso kodulira mawaya kamveke, kenaka anasiya msanga n'kugona kuseri kwa migolo. Zimenezi palibe anamuphunzitsa. Kadzidzi atamva kaphokosoko anatsika mothamanga, nalowa mfuti ataloza pa bomba pomwe panalibe munthu. Mayeso anawombera kamodzi. Anadula mawaya patatsala sekondi imodzi.

Anthu anakwera pamipando. Fatsani anaiwala za bala, anamenya tebulo ndi dzanja lomwelo, misozi ya ululu ndi ya chimwemwe n'kusakanikirana.

Chimwemwecho chinakhala masiku awiri. Lolemba mkulu wa mpikisano anamuitana ku ofesi, namupatsa mpando ndi botolo la madzi, maso akuthawitsa.

"A Kadzuwa, zinthu zasintha pang'ono. Anzathu a ku Joni aja akuti malo alipo a munthu mmodzi."

"Mmodzi? Munalengeza pa wailesi kuti gulu lonse!"

"Tinalengeza, koma werengani timalemba ta pansi pa fomu munasainayi. Inu ndinu kaputeni, lembani dzina limodzi mwa anayi munalembetsa aja. Ngakhale lanu, poti ulendo udzakhalako pakapita miyezi iwiri, chalacho chidzakhala chitapola. Likafika Lachisanu masana pepalali lilibe dzina, malowo tipereka kwa a ku Blantyre."

Fatsani anakalipa, anaopseza kuti apita kwa atolankhani. Mkulu uja anangomukankhira pepala.

Fatsani anawaitana atatu aja kuseri kwa shopu n'kuwauza. Kenaka aliyense anati, "Sankhani inuyo, ife tivomera." Koma pofika Lachiwiri anayamba kubwera mmodzimmodzi.

Sungeni anabwera akuchokera kusukulu, choko chili m'manja. "Achimwene, sindikupempha chifukwa ndine mlongo wanu. Tikanalowera pazitseko monga ankafunira Lameki, tikanafa tonse atatu mphindi isanathe. Njira ndinaiona ndine. Ndipo mukudziwa kuti zaka zonsezi m'maholo muja, poti ndine mkazi, amandifunsa kuti ndaperekeza ndani. Mukasiya ine, mwavomerezana nawo."

Lameki anaimika njinga pakhomo la shopu osazimitsa. "Aise, nzeru za Sungeni sindikuzikana. Koma mapu sapha munthu. Awiri aja anagwa ndi dzanja ili. Ndikanathamangira bomba, Kadzidzi akanandimaliza ndi chipolopolo chimodzi, moyo unali utanditsalira pang'ono. Ndinaona kuti ndikamudzutsa, wamoyo wambiri akhala mlamu wakoyo, ndinamupatsa mwayi wanga. Ndiye wodzipereka ndi amene atsale? Ine pofika zaka makumi anayi ndizidzakhalabe pa siteji kulimbirana makasitomala?"

Mayeso sanabwere kushopu. Anadikira Fatsani akusamba m'manja pakhonde, naima chapatali. "Alamu, ndikudziwa kuti ndinakuchititsani manyazi ndi bomba lija. Ndikudziwanso kuti mpando unali wanu. Koma pamene onse anali atafa, holo yonse ikudikira kundiseka kachiwiri, amene anatsala ndi Kadzidzi ndine. Ndikanaphonya, bwenzi palibe tikiti yoti tizikanganirana. Awiriwo ali ndi pogwira. Ine zaka zitatu ndikudya za m'nyumba mwanu."

Mkazi wake, Nachisale, anamva zonsezo ali kukhitchini. Sananene zambiri. Anangoti, "Bambo a Tamanda, mwana wa mayi anga wakhala akugona pabalaza pano nthawi yaitali. Chitseko chatseguka kamodzi." Tsiku lomwelo mayi ake a Fatsani anaimba foni kuchokera ku Dowa: "Ndamva. Magazi ndi magazi, usandichititse manyazi."

Fatsani anayesa njira zonse. Anati achite maere, onse atatu anakana, akuti thukuta lawo si la juga. Anati apikisane okhaokha, Sungeni anati gemu ya atatu siyesedwa ndi mmodzi, ndipo aliyense akudziwa kuti pa kuwomberana Lameki ndiye angapambane. Anati onse akane ulendowo, Lameki anaseka mowawa: "Kuti apite Kadzidzi amene tinamugonjetsa?" Anabwereranso ku ofesi kukapempha malo awiri okha, anamuuza kuti bwana ali pa msonkhano. Lachitatu Sungeni ndi Lameki anakumana pamsika osapatsana moni. Lachinayi Mayeso anadya yekha panja.

Ndipo munali liwu lina limene Fatsani sankafuna kulimva, koma linkabwerabe akamawotcherera ndi dzanja lamanzere, mizere ikupita mokhota. Makina aja anagula ndani? Anawaphunzitsa kugwira padi ndani? M'mipikisano yonse mpaka kufika mu fainolo, anawanyamula ndani? Maloto a ku Joni anayamba kulota ndani, enawa asanadziwe n'komwe kuti kuli gemu yotere? Koma akakumbukira kuti pa tsiku lenilenilo iye anali pampando wakumbuyo, pakamwa potseka, manyazi ankamugwira.

Lachisanu linafika. Ola la khumi ndi limodzi linamupeza ali pabenchi panja pa ofesi ija, pepala pabondo, cholembera m'dzanja lamanzere. Kutsidya kwa msewu kunali njinga ya Lameki. Pageti panaima Sungeni, atathawa kalasi. Pansi pa mtengo panakhala Mayeso ndi mlongo wake Nachisale. Palibe ankayang'ana mnzake, onse maso anali pa iye. Mlembi wa mu ofesi anasuzumira pakhomo nati, "Bambo, kwatsala ola limodzi."

Nkhani yanga ndaitula pamenepa, ndipo cholembera chija ndachiika m'manja mwanu. Inu mwamva zonse, tandiuzani: Fatsani alembe dzina la yani? La Sungeni amene anaona njira, la Lameki amene anapha awiri n'kufera mnzake, la Mayeso amene anamaliza ntchito, kapena lake lomwe?