Chala cha Sandalamu ndi Manyazi a Dzungu

Kale kwambiri, mbuzi zisanaphunzire kulumpha mpanda, dzungu silinkakwawa pansi ngati mmene mumalioneramu, ana inu. Linkaima chilili ngati mtengo wa papaya, masamba m'mwamba, maungu ali lendelende patsinde, aliyense wodutsa n'kumawaona. Ukalibzala kuseri kwa nyumba yako, linkakhala pomwepo osasuntha. Ndiponso linkalankhula, ngakhale silinali la mawu ambiri.

Pamudzi wina panabwera mkamwini, dzina lake Sandalamu, amene anakwatira mtsikana wotchedwa Nankhoma. Ntchito ankaitha, tisamunamizire, koma pakamwa pake ndiye ayi ndithu. Akapha mbewa imodzi, mudzi wonse unkadziwa kuti unawo unali wakuya bwanji. Apongozi ake aakazi, aNangozo, nyumba yawo inali pafupi, kungolekana ndi mpanda wa mapesi, ndiye zodzitama zonsezi zinkawalowa m'khutu m'mawa ndi madzulo mpaka zinawakwana.

Pa mwambo wa kumeneko, mkamwini ndi apongozi ake sankayang'anana m'maso ndipo sankalankhulana okhaokha. Choncho tsiku lina aNangozo anaima kuseri kwa mpanda n'kukuwira mwana wawo, Sandalamu ali khale pakhonde.

"Nankhoma! Uwauze amunako kuti pano sitidya nkhani. Kamalo kakuseri kwa nyumbako ndawapatsa. Masika ano ndikapanda kuona dzungu lawo pakhomo panga, apinde mkeka wawo azipita kwawo."

Sandalamu anatembenukira kukhoma n'kuwomba m'manja. "Nankhoma, uwauze amayi kuti ndamva."

Nankhoma anangopitiriza kupeta mphale yake, chifukwa onse awiri anali atamvana kale.

Sandalamu anachita mantha enieni. Mkazi wakeyo ankamukonda kwambiri, ndipo kwawo kunali kutali, kopanda ndi mmodzi yemwe woti akamulandire ndi madzi akumwa. Ndiye chilimwe chonse, amuna anzake ali pa bawo pamthunzi, iye anali kuseri kwa nyumba. Anasesa zinyalala n'kuzitentha, phulusa lake n'kuliwaza. Anakumba nthaka youma gwa ija mpaka khasu kulira. Manyowa a mbuzi ankasenza pamutu m'dengu lobooka, moti akamadutsa, ntchentche zinkamuperekeza mpaka kunyumba. M'munsi mwa mpanda anatchingamo minga yambiri kuti nkhuku zisalowe. Mvula yoyamba itagwa, anafesa mpiru, anabzala therere ndi matimati, ndipo pakatikati, pamene panali dzala kale, anakwirira nthanga ya dzungu.

Dzungu litamera n'kufika m'mawondo, linamuitana m'mawa wina akuzula udzu.

"Bambo, mwandisamala bwino, ndathokoza. Ine sindivuta. Pempho langa ndi limodzi lokha: ana anga akayamba kuoneka, musawaloze ndi chala. Kwathu ndife amanyazi."

"Aa, aDzungu, nkhani yake ndi yomweyi?" anatero Sandalamu akuseka. "Chala changachi n'cholangidwa. Musade nkhawa."

Dzinja litafika pakati, dimba la Sandalamu linali lobiriwira mochititsa kaso. Mpiru unkathyoledwa lero, mawa waphukanso. Dzungu linatalika kupitirira mutu wa munthu, linachita maluwa achikasu, kenako timaungu tinayamba kutuluka m'tsinde, tosalala, tonyezimira. Sandalamu mtima unachita kusefukira. Ankaimitsa amayi ochokera kumadzi mitsuko ili pamutu kuti aone. Anatsekereza bambo wina wopita kukapepesa maliro n'kumulongosolera za manyowa mpaka anthu a kumaliroko anayamba kubwerera. Koma pochita zonsezi manja ankawaika kumbuyo, dzanja lina litagwira linzake zolimba, chifukwa chala chija chinkamuyabwa koopsa.

"Bambo," dzungu linamunong'oneza tsiku lina, "chigongono chanucho chikukwera."

Sandalamu anakhala pansi msangamsanga n'kukhalira dzanjalo mpaka linachita dzanzi.

Zikanatha bwino pakanapanda aNangozo. M'mawa wina dzuwa litangotuluka, amayi ambiri akudutsa panjira, iwo anasuzumira pampanda, anapukusa mutu, n'kukweza mawu.

"Nankhoma! Uwafunse amunako, maungu akutchuka mudzi wonsewa ali pati? Inetu ndikungoona masamba. Kapena maungu ake ndi omva ndi makutu?"

Amayi aja anaseka chikhakhali, wina mpaka madzi kumutayikira pamsana. Sandalamu magazi anamuwira. Anaiwala pempho, anaiwala mantha, dzanja linangouluka lokha.

"Nankhoma, uwauze amayi atsegule maso! Ilo! Ilo lina! Nanga ili n'chiyani, ndi mwala?" Ankatero akuloza limodzilimodzi, chala chikuchita kugunda pakhungu. "Ili lalikululi ndi la amayi, ili ndi langa, kopotoka aka tidzaponyera nkhumba!"

Dzungu linanjenjemera kuyambira kumuzu mpaka kunsonga, masamba onse n'kuwerama. Timaungu tija tinasanduka tachikasu anthu akuona, tinafota, n'kuyamba kuthothoka: phu, phu, phu!

"Ndinakupemphani chinthu chimodzi," linatero dzungu. "Mwandiyalutsira ana pagulu, mpaka wina mwamulonjeza nkhumba."

Litatero linapinda msana pang'onopang'ono, linagona pansi chafufumimba, n'kutambasula masamba ake kuti munthu asaone kunsi. Amenewo ndiwo anali mawu omaliza a dzungu. Kuyambira tsikulo silinalankhulenso ndi munthu aliyense.

Sandalamu anagwada, anawomba m'manja, anapepesa mpaka kukhosi kuuma. Anazika mtengo n'kulimangirira ndi luzi kuti liimirire, koma akangotembenuka, ankalipeza latsetserekanso pansi. Analithira manyowa ena, analiimbira ndi nyimbo yomwe, koma dzungu linangoyanga ndi kuyanga, uku ndi uku, osaonetsa ngakhale kamwana kamodzi. Zina zonse m'dimbamo zinachita bwino. Matimati anapsa, therere linabereka, Nankhoma anafutsa ndiwo zambiri zodzadya chilimwe. Koma aNangozo sanaitanitse mfutso, anaitanitsa dzungu. Sandalamu anasiya kudya, anaonda, ndipo chodabwitsa kwambiri n'chakuti anasiyanso kulankhula, moti anansi anayamba kufunsana ngati wasamuka.

Masika anafika. Chimanga chinauma m'minda, masamba a dzungu nawo anayamba kufiira. Sandalamu anayenda m'dimba monse akuvundukula tsamba lililonse, koma anangopezamo achule ndi nkhono. Analowa m'nyumba, anapinda mkeka wake n'kuumanga ndi luzi. Nankhoma anakhala pamtondo akulira, ndipo iye pomuona choncho misozi inamulengeza.

Nthawi yomweyo kunamveka kukuwa kwa aNangozo kuseri kwa mpanda.

"Mayo ine, chala changa chakumwendo! Ndani waika mwala kuseri kwa nkhokwe yanga?" Kenako mawuwo anasintha n'kukhala nthungululu. "Nankhoma! Thamanga udzaone! Mizimu yandikumbuka ine, ndakolola osabzala!"

Nankhoma anathamangira komweko. Anapeza maungu ali mbwee kuseri kwa nkhokwe ya amayi ake, ena aakulu ngati mitsuko, onse atabisala kunsi kwa masamba. Atayang'anitsitsa, anaona kuti chingwe chimene maunguwo anaberekapo chikulowa pansi pa mpanda.

"Amayi, dzungu ilitu lachokera kwathu. Ndi la mkamwini wanu."

"Dzungu lili ndi nkhope ya munthu?" anafunsa aNangozo manja ali m'chiuno. "Uwauze amunako kuti ngati ndi lawo, alilondole kuyambira kumuzu mpaka pano, osalisiya m'manja, tonse tikuona."

Anthu anali atasonkhana kale, chifukwa nthungululu sizisowa mboni. Sandalamu anagwira dzungu pamuzu n'kuyamba kulitsatira. Linazungulira mpiru, iye anazungulira. Linadutsa pa therere, iye anadutsa, thupi lonse likumuyabwa. Litafika pampanda linalowa pansi, pakabowo koti nkhuku imachita kuganiza kaye. Sandalamu anayang'ana kabowoko, anayang'ana mkazi wake, n'kugona chafufumimba. Minga yomwe anatchinga yekha ija inamulandira bwino lomwe. Inamukanda pamsana, inamukoka tsitsi, ndipo nsalu yake ya m'chiuno theka linatsalira komweko. Atatulukira pabwalo la apongozi sakanatha kudzuka, chifukwa aNangozo anali ataima patsogolo pake ndipo kuwayang'ana kunali kosatheka. Choncho anapitiriza kukwawa, mphuno ikulima fumbi, anthu akugwirana m'mapewa ndi kuseka.

Mutu wake unagunda chinthu cholimba. Atavundukula tsamba, anaona chidzungu chachikulu chimene sanaonepo chibadwire. Chimwemwe chinamukwera kumutu, dzanja linayamba kunyamuka, chala n'kuwongoka. Nankhoma anafulumira kuliponda dzanjalo ndi chidendene. Sandalamu anamva ululu mpaka m'mano, koma anazindikira. Anakunga chibakera, anasongola milomo n'kulozera dzungulo ndi pakamwa.

"Mmm," anatero, ndipo sanawonjezerepo kanthu.

ANangozo anayang'ana dzungu, anayang'ana munthu wogona pafumbiyo, ndipo anachita kuluma mlomo kuti asaseke.

"Nankhoma, uwauze amunako amasule mkeka wawo. Ndinati ndione dzungu lawo pakhomo panga, ndipo ndaliona. Koma uwauzenso kuti labwera lokha ndi miyendo yake, silinasenzedwe ndi munthu. Ndiye muzu ndi wawo, aziusamala. Maungu ndi anga."

Sandalamu mtima unakhala pansi, mpaka anapumira m'fumbi momwemo. Koma fungo la dzungu lokhwima linali pamphuno pake penipeni, ndipo m'mimba munalira.

"Nankhoma," anatero ndi mawu otsika, "uwafunse amayi ngati kachidutswa kokha..."

"Uwauze kuti gawo lawo ndi nkhwani, koma wauma kale, adikire wa chaka chamawa," anayankha aNangozo, uku akugubuduza dzungu kulowa nalo m'nyumba.

Ndi chifukwa chake lero dzungu siliimirira. Limayanga pansi, ana ake limawabisa kunsi kwa masamba, ndipo ngakhale ulithirire manyowa abwino chotani, limadutsa pansi pa mpanda kukabereka pakhomo pa ena. Ndi chifukwa chakenso akuluakulu amakumenyani padzanja mukaloza kadzungu kanthete ndi chala, n'kukuuzani kuti muloze ndi chibakera kapena ndi milomo, kuopa kuti kangafote ndi manyazi.

Sandalamu anakalambira pamudzi pomwepo ndi Nankhoma wake, ana ndi zidzukulu zili yakaliyakali. Koma dzungu lobzala yekha ankalilawa pokhapokha apongozi akakumbukira kutumiza mbale, ndipo aNangozo anali munthu woiwalaiwala kwambiri.