Makanema a a Chadzunda

Panali munthu wina wophunzitsa kuwotcherera zitsulo pa sukulu ya ntchito zamanja, dzina lawo a Chadzunda. Ntchitoyi anali ataigwira zaka makumi atatu. Akalumikiza zitsulo ziwiri, munkatha kumenya ndi hamala mpaka thukuta kamukamu. Chitsulo chinkapindika pena, koma pamsoko pawo ayi.

Chaka china akuluakulu a sukuluyo anaganiza zoika maphunziro pa intaneti, kuti anthu akutali nawonso aziphunzira pa foni ali kwawo. Kunabwera mayi wina wodziwa zojambula, atanyamula makamera. A Chadzunda anachapitsa ovolosi, kumeta ndevu, n'kuima pamaso pa kamera ngati mkwati. Iwo ankawotcherera, mayiyo akujambula. Kenako mayiyo anakakonza makanemawo bwinobwino. Anachotsa chiphokoso cha m'shedi, n'kuikapo mawu a a Chadzunda ofotokoza pang'onopang'ono, ndi kanyimbo kapansipansi. Panatuluka makanema khumi ndi awiri, ooneka bwino zedi.

Analembetsa anthu makumi atatu. Munthu akaonera kanema ankayankha mafunso khumi, ndipo akakhoza, pa dzina lake pankayaka kachizindikiro kobiriwira. M'mawa uliwonse a Chadzunda ankatsegula tsamba la pa intaneti la mayina a ophunzirawo n'kupeza pali biriwiri kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anayamba kuyenda monyang'wa. Anzawo ankawauza kuti masiku ano mphunzitsi akhoza kuphunzitsa akumwa tiyi.

Ndiye linafika tsiku la mayeso a manja. Onse makumi atatu anabwera kusukulu, aliyense n'kupatsidwa zitsulo ziwiri kuti alumikize. Woyesa ankangotenga hamala n'kumenya kamodzi. Misoko makumi awiri ndi isanu ndi iwiri inathyoka. Lamulo linali lakuti wolephera abwerenso kamodzi kokha pakatha miyezi iwiri. Akalepheranso, satifiketi aiwale.

A Chadzunda mutu unaima. Anaonera makanema awo onse kuyambira woyamba, kufuna pamene analakwitsa, koma sanapezepo. Kagwiridwe ka ndodo yowotcherera kanalimo. Mphamvu ya magetsi inalimo. Kapendekedwe ka dzanja kanalimo, ndipo anakafotokoza kawiri. Anakafunsa mayi wojambula uja ngati anthuwo ankaoneradi. Mayiyo anawaonetsa pa kompyuta kuti onse anaonera mpaka kumapeto, ena kasanu.

"Nanga akulephera bwanji?" anafunsa a Chadzunda.

"Makina akuti akudziwa," anatero mayiyo.

A Chadzunda anajambulitsa kanema wina wobwereza zomwezo mofatsa kwambiri. Anawonjezera mafunso, kukhala makumi awiri. Tsamba linabiriwiranso. Apa m'pamene anasokonezeka kotheratu, chifukwa makina ankati anthu akudziwa, hamala inkati sakudziwa, ndipo iwo sankadziwa kuti wabodza ndani. Munthu akasowa yankho amafuna womuloza chala. Choncho analemba uthenga pa gulu la ophunzirawo: "Zonse ndinakupatsani. Vuto lanu ndi ulesi." Tsiku lomwelo anthu anayi anatuluka m'gulumo.

Patapita masiku, wophunzira wina anawatumizira chithunzi. Anali a Zuze, bambo wa ana anayi, wokonza ngolo ndi njinga ku chigwa cha Shire. Msoko wa pachithunzipo unali timibulu timibulu ngati zitosi za nkhuku. Pansi pake analemba kuti: "Aphunzitsi, ndachita zonse munanena. Ulesi ndilibe. Kapena mutu wangawu ndiwo wouma."

Mawu amenewo anawavuta a Chadzunda mumtima. Loweruka lake anakwera minibasi, n'kutsika mapiri kupita kuchigwa.

Anawapeza a Zuze pansi pa mtengo, kumbuyo kwa chigayo, pamene ankakokerapo magetsi. A Chadzunda anayamba ndi mafunso. A Zuze anayankha onse osaphonya, mawu ake omwewo a m'kanema, mpaka ndi pamene mwini wake ankatsokomola. A Chadzunda anawauza kuti agwire ndodo, ndipo anaigwira bwino. Makina awo owotcherera analinso abwino. A Chadzunda anakanda m'mutu, chifukwa anayenda ulendo wonsewo kudzapeza cholakwika ndipo sichinkaoneka.

"Wotchererani," anatero pomaliza.

Chotchingira kumaso chinali chimodzi chokha, cha a Zuze. Moto wowotcherera suyang'anidwa ndi maso osatchinga. Choncho a Chadzunda anatembenuka n'kufulatira, kuyang'ana khoma la chigayo.

A Zuze anayatsa. Sipanapite nthawi, a Chadzunda anati, "Tsitsani ndodo. Mwaitalikitsa."

A Zuze anatsitsa.

"Apo. Musafulumire. Mwakwezanso, tsitsani."

A Zuze anasiya, n'kukweza chotchingira chija. Msoko unali wosalala koyamba chiyambire kuphunzira. Koma iwo sanayang'ane msoko. Anayang'ana msana wa mphunzitsi wawo.

"Aphunzitsi, mwaona bwanji? Inu mwafulatiratu."

A Chadzunda anayang'ana khoma, mwina panali chithunzithunzi chimene chinawauza. Panalibe. Anaima pamenepo ngati munthu amene wafunsidwa dzina lake n'kuliiwala.

"Yatsaninso," anatero. Ulendo uno anatseka ndi maso omwe.

Pamenepo m'pamene anamva. Ndodo ikatalikira, moto unkathetheka moduladula. Ikafika pamalo pake, kulira kwake kunkakhala kumodzi kosadukiza, ngati tchipisi chikangolowa m'chiwaya. Zaka makumi atatu dzanja lawo linkatsogozedwa ndi khutu, mwini wake osadziwa. Amene anawaphunzitsa sanawauzepo zimenezi. Iwonso sanauzepo munthu, chifukwa ophunzira awo akale ankaima nawo m'shedi momwemo, n'kumamva okha. M'makanema muja phokosolo linachotsedwa, ndipo iwo eni anavomera kuti likusokoneza.

Lolemba m'mawa anaitana mayi wojambula. Anatenga chipewa chawo n'kuvindikira kamera.

"Jambulani."

"Koma sipaoneka kanthu, bambo."

"Ndi zimene ndikufuna. Nyimbo musaike. Mawu anganso musaike."

Mayiyo anawayang'ana ngati asokonekera mutu, koma anajambula. A Chadzunda anawotcherera molakwitsa dala, kenako bwino, kenako molakwitsanso, maulendo ambiri. Kanemayo anatuluka wamdima bii, phokoso lokhalokha. Pansi pake analemba kuti: "Mverani mpaka khutu lanu lisiyanitse. Kenako kayatseni makina, mumvere anu. Vuto si ulesi ayi. Pali chimene sindinakupatseni. Pepani."

Tsiku lobwereza mayeso linafika. Mwa anthu makumi awiri ndi asanu ndi awiri aja, anabwera khumi ndi mmodzi. Hamala inamenya, misoko isanu ndi inayi inalimba. Wa a Zuze woyesa anaumenya katatu, chitsulo n'kupindika pambali.

A Chadzunda anasangalala pang'ono chabe. Maso awo anali pa mabenchi opanda anthu. Anaimbira foni amene sanabwere, mmodzimmodzi. Ambiri sanayankhe. Mayi wina wa ku Mchinji anayankha mwaulemu kwambiri.

"Zikomo aphunzitsi, musavutike. Ine ndinaona kale kuti za zitsulo si zanga. Makina ndinagulitsa."

Tsono inu amene mukupita kukaphunzitsa anzanu ntchito kudzera pa mafoni, imvani. Zimene mumadziwa kuti mumadziwa, mudzaziika m'kanema mosavuta. Zoopsa ndi zimene manja anu, makutu anu ndi mphuno zanu zinaphunzira kalekale osakuuzani. Zimenezo simungazipeze poonera kanema wanu, ngakhale kakhumi, chifukwa mukamaonera mutu wanu umadzaza wokha pamene pali mpata. Kachizindikiro kobiriwira kamangonena kuti munthu waloweza mawu anu. Nyamukani, mukaime pafupi ndi wophunzira mmodzi akugwira ntchito, mumve zimene pakamwa panu padzanene musanaganize. Ndipo musanatche munthu waulesi, dikirani kaye. Phunziro mukhoza kulijambulanso mawa. Koma munthu wamkulu amene wakhulupirira kuti mutu wake ndi wouma, kawirikawiri sabweranso.