Maluwa Amene Nangondo Anakana Kuthyola

Panali mayi wina, dzina lake Nangondo, amene ankasunga nthanga za maungu a mtundu wa kwawo, otsekemera, a khungu lolimba. Chaka china mvula inadula, maungu a m'mudzi monse n'kupserera. Kwa iye kunatsala phando limodzi lokha, kuseri kwa chulu.

Njala itafika povuta, mlamu wake anabwera ndi kadengu kudzapempha chiluwe, pakuti ana ake anali atatha masiku awiri osalawa ndiwo. Nangondo anamuthyolera nkhwani ndi maluwa aamuna, aja a phesi loonda, n'kusiyako awiri oti njuchi zitengemo mungu. Koma maluwa asanu ndi limodzi okhala ndi kachotupa kunsi kwake sanawakhudze.

Mlamu uja anadandaula kuti duwa ndi duwa, mumphika onse amafanana.

Nangondo sanakangane naye. Anathyola limodzi, n'kung'amba kachotupako ndi chikhadabo. Mkati munali timadontho toyera, tondandana bwino.

"Taonani, alamu," anatero. "Kalikonse mwa timeneti kali ndi kathumba mkati, ndipo m'kathumbamo dzira lakonzeka kale. Palibe analiona likupangika. Likungodikira mungu. Ili ndang'ambali latha basi. Asanu otsalawa ndi mbewu ya mudzi wonse, sindithyola."

Mlamuyo anachoka atakwiya, ndipo anatha mwezi osamupatsa moni. Nangondo zinamupweteka, koma anatchingira phando lija ndi minga kuopa mbuzi, n'kumalithirira ndi madzi a kudambo.

Dzungu limodzi linaola. Anayi anakhwima. Nangondo anayanika nthanga zake palichero, ndipo mvula ya chaka chotsatira itagwa, anayenda khomo ndi khomo, nsalu yake yatsopano ili m'chiuno, akugawa zisanu zisanu. Atafika kwa mlamu wake, mlamuyo anagwada, n'kulandira ndi manja awiri.

Makolo anzanga, ine ndaphunzitsa ana anu aakazi zaka khumi ndi zinayi, ndipo ndimawanyadira. Chimene chikukonzeka mwa iwo sichioneka ndi maso, koma chilimo kale. Njala ikavuta kwanu, wina adzafika ndi kadengu kudzapempha mwana wa Sitandade 7 kuti akakwatiwe. Mpatseni mpando, mpatseni madzi akumwa. Mwanayo musathyole.