Njiwa Imene Idatola Mawu a Mwandida

Kalekale, mwanawe, mbalame zisanayambe kuopa anthu, padali bambo wina dzina lake Chidzanja. Ntchito yake idali yosema mitondo. Mkazi wake adali Nankhoma. Ana adali nawo awiri: khanda la kumsana, ndi kamtsikana ka zaka zinayi, dzina lake Mwandida.

M'mawa uliwonse Nankhoma ankabereka khanda n'kupita kudimba. Mwandida ankatsatira bambo ake kuthengo. Bambo patsogolo, mwana pambuyo. Bambo ndi nkhwangwa, mwana ndi mafunso.

"Ababa, mitambo ikupita kuti?"

"Mm."

"Ababa, nyerere zimagona?"

"Mm."

"Ababa, mlombwa ukutuluka magazi. Ukumva kuwawa?"

"Mm."

Tsiku lina masana, Chidzanja akumalizitsa mtondo umene adausema masiku asanu, mwana adamukoka mkono kuti amuonetse gulugufe. Nsompho idaphonya. Mtondo udang'aluka pakati.

Chidzanja adapsa mtima.

"Iwe, pakamwa pako sipatopa? Mawu akowa bwenzi mbalame zitangowatola ngati mapira!"

Pamwamba pa mtengo padali njiwa. Idasuzumira pansi.

"Mwatipatsa?" idafunsa njiwa.

"Tengani!" adatero Chidzanja, osayang'ana n'komwe.

Njiwa idatsika, idatera paphewa pa mwana, idajompha pamlomo pake kamodzi, n'kuuluka. Mwandida adatsegula pakamwa. Zii. Adayesanso. Zii.

Tsiku loyamba Chidzanja adakondwa. Adasema, adasema, popanda womudodometsa. Nankhoma atafunsa, iye adati, "Watopa chabe ameneyu. Mawa ayankhula."

Tsiku lachiwiri thengo lidamukulira. Ankati akamenya nkhwangwa, ankatembenuka kuona ngati mwana alipo. Mwana adalipo, atakhala pa chitsa, akuloza zinthu ndi chala, popanda womuyankha.

Tsiku lachitatu Mwandida adakana phala. Adakana madzi. Misozi inkangotsika, koma kulira kosamveka. Mayi ake adamugwira pamimba, adamugwira pamutu, adamuyang'ana kuphazi.

"Pakuwawa pati, mwanangu? Loza."

Mwana ankangogubuduka pamphasa, thupi lili moto.

Pamenepo Chidzanja adaulula zonse. Nankhoma sadakalipe. Adangomasula mbereko ya khanda n'kuiika m'manja mwa mwamuna wake.

"Bambo a Mwandida, mudapereka ndinu. Mukatenge ndinu."

Kutacha, Chidzanja adabereka mwana kumsana. Amayi a pachitsime adaseka kuona mwamuna ndi mbereko. Iye sadatembenuke. Adayang'ana kumene njiwa zinkaulukira, nayenda.

Adayenda, adayenda. Adalowa m'nkhungu yoyera ngati ufa. Adadutsa dambo limene udzu wake unkawerama wokha kumupatsa njira. Adawoloka mtsinje umene madzi ake ankayenda chokwera, kubwerera kuphiri. Pamene mwana ankatentha kumsana, iye ankaimba:

Njiwa, njiwa, bweza mawu,
mwana wanga wadwala.
Njiwa, njiwa, bweza mawu,
pakamwa panga padalakwa.

Dzuwa litapendeka, adafika pamwamba pa phiri. Pamenepo padali mkuyu waukulu, mitambo itatsamira m'nthambi zake ngati ng'ombe zopuma. Mu mkuyumo mudali zisa zosawerengeka, ndipo m'chisa chilichonse munkatuluka kamawu ka mwana. Kwina kuseka, kwina kuitana, kwina kuimba. Onsewo adali mawu amene makolo adatopa nawo.

Njiwa ija idatera patsogolo pake.

"Mwabwera, wosema mitondo?"

"Ndabwera. Ndibwezereni mawu a mwana wanga."

"Ali momwemu. Sankhani nokha. Koma dzuwa likalowa lero, mawu ake asanduka nyimbo ya mbalame, ndipo sadzabwereranso."

Chidzanja adatchera khutu. Adamvetsera uku, adamvetsera uko. Mawu onse ankafanana. Manyazi adamugwira: zaka zinayi mwana akuyankhula pambali pake, iye osawadziwa mawu akewo.

"Awo!" adaloza chisa china mongoyerekeza.

Njiwa idawatola, idawaika pamlomo pa Mwandida. Mwana adatsegula pakamwa, koma mudatuluka mawu a kamnyamata kachilendo: "Amayi, mubwera liti kudzanditenga?"

Chidzanja adapukusa mutu. "Si amenewa. Abwezeni, eni ake angadzawasowe."

Njiwa idawabweza m'chisa. "Mwatsala ndi kusankha kumodzi," idatero.

Dzuwa linkatsika. Mitambo inkafiira. Chidzanja adamasula mbereko, adakhala pansi, adamuika mwana pamiyendo. Sadalozenso chisa. Adayang'ana m'maso mwa mwana wake, nayamba kuyankhula pang'onopang'ono.

"Mwandida, udandifunsa za mitambo. Mitambo imapita kukatunga madzi, kuti idzatibweretsere mvula."

Mu mkuyu mudayamba kukhala bata.

"Udandifunsa za nyerere. Zimagona, koma mosinthana, kuti ntchito isaime."

Zisa zonse zidati zii, ngati ana amene akumvera nthano.

"Udandifunsa za mlombwa. Kaya umamva kuwawa, ine sindidziwa, mwanangu. Sindidaufunsepo."

Pamenepo, kunsonga kwenikweni kwa mkuyu, kamawu kakang'ono, kosasa pang'ono, kadafuula:

"Nanga bwanji simudaufunse, Ababa?"

Chidzanja adalumpha. "Amenewo! Amenewo ndi anga!"

Njiwa idakwera, idawatola, idatsika nawo, idawaika pamlomo pa mwana dzuwa litatsala kachidutswa. Mwandida adapuma kwambiri, kenaka adalira. Adalira mokweza, phiri lonse lidamva. Ndipo bambo ake sadamvepo nyimbo yokoma ngati kulira kumeneko.

"Pakuwawa pati?" adafunsa.

"Khutu, Ababa. Ndidaikamo kanjere. Ndimafuna ndione ngati kamera."

Njiwa idasendera, idalowetsa mlomo wake m'khutu mwa mwana mosamala, n'kutulutsa kanjere ka nyemba katatupa kale. Nthawi yomweyo thupi lidayamba kuzizira.

Chidzanja adawomba m'manja kuthokoza. Koma asananyamuke adayang'ananso zisa zija.

"Nanga enawa?"

"Akudikira eni ake," idatero njiwa. "Ena amabwera. Ena sabwera. Mukamamva mbalame ikuimba ngati ikufunsa, ndi amene sadatengedwewo."

Adagona pansi pa mkuyu, mitambo idawafunditsa. M'mawa adatsika phiri. Mwana kumsana, mafunso m'khutu mwa bambo. Chifukwa chiyani mtsinjewu ukukwera? Udzuwu akuuweramitsa ndani? Zina Chidzanja adayankha. Zina adati, "Sindidziwa, tikafunse amako." Pena adati, "Dikira pang'ono ndipume, ndikuyankha tikafika pamwala apo." Ndipo atafika pamwalapo, adayankhadi.

Nankhoma adawaonera patali. Adathamanga, khanda likudumpha m'manja.

"Mwandida! Yankhula, mwanangu, ndikumve!"

Mwana adasuzumira paphewa pa bambo ake.

"Amayi, kuphiri kuja Ababa amalira."

"Bodza," adatero Chidzanja, akuyang'ana kumbali. "Adali mame."

"Mame otuluka m'maso?"

Nankhoma adaseka mpaka adakhala pansi. Chidzanja naye adaseka, misozi ikutsikanso, ndipo ulendo uno sadaibise.

Wamva, mwanawe? Mwana amatopetsa, inde, ndipo kholo ndi munthu, limatopa. Koma pakamwa pamene pakukusokosa lero ndi pomwe padzakuuze pamene pakuwawa mawa. Ukatopa, nena kuti watopa. Usatemberere, pakuti sudziwa amene wakhala pamwamba pa mtengo.

Pamenepo ndiye pathera nthano yanga.