Nkhoswe ya Ndaipanji

Kalekale, magoli a akapolo atangoyamba kusanduka nkhuni, kumudzi wina kutsidya la Bua kunagwa chimwemwe. Ndaipanji, mtsikana amene anakula ali kapolo, ankakwatiwa ndi Kamzingeni wosula makasu. Masiku amenewo ukwati unali ukwati: thobwa m'mitsuko mpaka kukamwa, nkhuku zikuthawa mipeni, amayi akusinja uku chiuno chikuvina. Ndaipanji ankangoseka ngakhale popanda choseketsa.

"Tsekako pakamwapo, ntchentche zilowa!" ankamunena anzake. "Mwamuna wa makala okhaokhayo wamuonanji?"

"Akasamba mudzalira nonse," ankayankha iye.

Koma ukwati suyenda popanda nkhoswe. Ndipo popeza iye analibe mlongo, akulu anati amene aime ngati nkhoswe yake ndiye adzakhalenso mwini mbumba, wolamula pa ana amene adzabereke. Ndaipanji ankadziwa bwino zimene mwini mbumba angachite ndi mwana. Amuna atatu anaimirira pabwalo.

Woyamba anali a Gwaza, atsibweni ake enieni, amene anatulukira ndi mbuzi atamva mbiri ya ukwati. Chaka cha njala iwowa ndiwo anamupereka kwa amalonda posinthana ndi mapira, ndipo ambiri amene anatsala kumudzi kwawoko anafa. "Mwana wa mlongo wanga," anatero, "ukadatsala ukadagona pamodzi ndi amako. Lero nane ndine wobatizidwa, ndipo ndaona: ndi Mulungu anagwira dzanja langa. Mawu ake ukadawamvera kuti? Magazi ndi magazi."

Wachiwiri anali a Zakeyu, mkulu wa mpingo. Amalonda aja podutsa pamudzipo anafuna kumutayira afisi Ndaipanji chifukwa miyendo inali itatupa. A Zakeyu anamugula ndi nsalu, n'kumudyetsa mpaka anaima. Ataima, anamupatsa khasu, ndipo analima munda wawo mpaka kukula. "Mwana wanga, makolo oyera a m'Malemba anali ndi akapolo, Mulungu n'kuwadalitsa. Ine ndinalakwa pati? Sunkadya m'mbale imodzi ndi ana anga?"

"Iwo akamaliza!" anaponya mawu mayi wina kumbuyo, bwalo lonse n'kufa nalo phwete. A Zakeyu nawo anaseka, akupukuta thukuta.

Wachitatu anali aphunzitsi a Barinaba. Ndaipanji atathawa ukapolowo, iwo anamutola panjira njoka itamuluma. Anamuchiza, anamuphunzitsa kuwerenga, kenako anamugwira dzanja n'kumubwezera kwa a Zakeyu, ati kapolo amvere mbuye wake. Komatu ndi iwo omwewo amene sanawapatse mtendere a Zakeyu, chaka ndi chaka, mpaka anamumasula pamaso pa mpingo. "Mlongo wanga mwa Ambuye," anatero, "ufulu wothawa nawo ndi wakuba. Ndinafuna utuluke masana, anthu akuona."

Ng'oma zinati zii. Ndaipanji anawayang'ana mmodzimmodzi. Nkhope ya atsibweni inali ya amake ndendende. A Zakeyu ankawadziwa ngakhale kutsokomola kwawo. Chipsera cha njoka chinali pamwendo pomwepo. Popanda aliyense wa iwo, bwenzi kulibe mkwatibwi lero. Koma atatu onsewo anali atayankhula, ndipo pakamwa pa aliyense panatuluka dzina la Mulungu, osati pepa.

Kamzingeni anamukodola. "Sankha, mkazanga, ndisanakalambe."

Ndaipanji anaseka pang'ono, kenako anagwira pamimba pake pomwe panalibe kanthu, n'kukweza maso.

Tsono inu mwakhala pano, mlanduwu ndautula pamapazi panu. Wina anamugulitsa kuti asafe, wina anamugula kuti asafe, wina anamubweza kuti asachimwe. Mukadakhala Ndaipanji, ana anu osabadwawo mukadawaika m'manja mwa yani?