Dzina la Mwana wa Telala

Kumapeto kwa mzere wa mashopu, pakati pa wokonza mawotchi ndi saluni, panali kachipinda ka telala wina wotchuka ndi mayunifolomu a sukulu. Luso anali nalo, pamenepo tisamunamizire. Akamaliza malaya ankatembenuza kolala n'kusokapo dzina la mwini wake ndi ulusi wofiira, kuti asasokonekere ndi a anzake. Atagwira ntchitoyi zaka khumi ndi ziwiri, mayina anamukwana.

"Chaka chino chokha ndasoka a Madalitso makumi awiri ndi atatu," ankadandaula uku akuponda makina. "Aphunzitsi akaitana mmodzi, theka la kalasi limaimirira. Wanga akadzabadwa ndidzamupatsa dzina loti likatchulidwa, dziko lonse lino azitembenuka iye yekha."

Mwanayo anachedwa kubwera. Zaka zisanu zinatha anthu akungomuitana kuti atelala, pamene anzake onse ankaitanidwa bambo a uje. Zinkamupweteka ngakhale sankanena. Choncho tsiku limene mkazi wake anabereka mwana wamwamuna, telala anavina pakhonde tepi ili m'khosi, mpaka wokonza mawotchi anatuluka kudzaona ngati mnzake wapenga.

"Bambo, nanga dzina lija?" anafunsa mkazi wake atabwera kuchipatala.

"Musandithamangitse, mayi. Nsalu yabwino sadula mopupuluma."

Achibale anayesa kuthandiza. Apongozi ake anatumiza dzina, iye n'kuti limenelo walisoka kasanu sabata yomweyo. Mkulu wake anabweretsa lina, iye n'kuti ndi la mnyamata wogulitsa makala pakona. Lina linali lalifupi ngati kabudula, lina lakalekale, lina labwino ndithu koma mwini wake wina anali chidakwa. Anthu anatopa n'kumusiya.

Amene ankavutika anali mayi a mwana. Mwezi woyamba kusikelo, anesi anatsegula khadi n'kufunsa dzina.

"Bambo ake akuganizabe," anayankha mayiwo atazyolika.

Mwezi wachiwiri yankho linali lomwelo. Mwezi wachitatu asanakhale n'komwe pansi, azimayi a pabenchi anayamba kugwedezana, ndipo anesi anati, "Mayi, mwezi wamawa mukabweranso chimanjamanja ndilemba kuti Akuganizabe." Mayiwo anafika kunyumba maso ali psuu, koma mwamuna wawo anangoti anthu a kusikelo sadziwa kulemera kwa nkhani.

Mayi a mwana ankathandiza mushopumo, kusita ndi kusokerera mabatani, ndipo khandalo linkagona m'dengu la zigamba pansi pa tebulo lodulira. Mng'ono wawo ndiye anali mwini saluni yoyandikana nayo, mtsikana woti pakamwa pake sipakhala dzimbiri. Makasitomala akachepa ankalowa, chipeso chili m'tsitsi, kudzanyamula mwana. Tsiku lina anamuyang'anitsitsa n'kuphulika kuseka.

"Taonani kamphunoka! Kozungulira bwinobwino, tizibowo tiwiri. Ndi batani lenileni ili. Batani wanga, wadzuka?"

Telala anaimitsa makina. "Alamu, mwana wanga si chomangira malaya."

"Chabwino, alamu. Ndiye ndizimuitana kuti chiyani? Iwe uje?"

Telala anangoyambiranso kuponda makina.

Ha! Dzinalo linayenda mzere wonse tsiku lomwelo. Wokonza mawotchi akamatsegula m'mawa ankafunsa kuti Batani wagona bwanji. Azimayi obwera kudzayesa ana awo asanatchule za mayunifolomu ankayamba asuzumira m'dengu kumupatsa moni Batani. Mkazi wa telala anamuchenjeza mwamuna wake: "Bambo, anthu akutchulirani mwana muli pompo." Iye anaseka. "Dzina lachibwana lili ngati choko pansalu, mayi. Kuchapa kamodzi, lafufutika." Yekha m'nyumbamo ndiye sankalitchula. Akafuna kunena za mwana wake ankangoti "mwanayu", akafuna kumuseweretsa ankangoliza zala.

Ataona kuti mayina onse a padziko ali ndi eni ake, anaganiza zosoka lakelake. Ankalemba mayina ndi choko patebulo lodulira, n'kudula mutu wa ili, mimba ya ilo, mchira wa lina, n'kulumikiza ngati chovala cha zigamba. Akalitchula mokweza n'kumva kuti likukoka penapake, ankafufuta ndi chikhatho n'kuyambiranso. Mvula inabwera n'kupita. Mwana anayamba kukhala, anamera mano awiri, dengu linamuchepera. Bambo akuganizabe.

Loweruka lina m'mawa, mwana ali ndi miyezi isanu ndi itatu, telala anavala jekete n'kuitanitsa mlamu wake ndi wokonza mawotchi. Anatulutsa kamalaya koyera kamene anasoka mobisa. Dzina sanalibise kukolala ayi, linali pachifuwa penipeni, la ulusi wagolide, kuchokera kukhwapa ili kukafika kukhwapa linalo. Anakonza kukhosi.

"Kuyambira lero, mwana wanga ndi Filodemasi."

Wokonza mawotchi anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

"Alamu," anatero wa saluni, "limeneli ndi dzina kapena mankhwala a chifuwa?"

"Sekani, koma mukandipezere wina amene ali nalo."

"Tisakangane. Mwini wake ali pompano, ndipo sabata ino wayamba kukwawa. Timufunse yekha."

Telala anavomera, poti anali wotsimikiza kuti magazi sanama. Anakankhira mipando kukhoma, mayi n'kumukhazika mwana pakati pa chipinda. Telala anagwada pafupi ndi makina, jekete ndi zonse, n'kutambasula manja.

"Filodemasi! Bwera kwa bambo ako. Filodemasi!"

Mwana anatola tepi imene inagwa pansi n'kuyamba kuiyamwa.

Wa saluni anaima pakhomo. Sanakuwe n'komwe, anangoti, "Batani." Kamutu kanatembenuka, tepi inatayidwa, ndipo mwana uja anayamba ulendo, kwawukwawu mpaka pamapazi a mayi ake aang'ono. Wokonza mawotchi anaseka mpaka kugwira m'nthiti.

"Chinyengo ichi!" anakalipa telala. "Wangokuzolowerani chifukwa mumamunyamula tsiku lonse."

Apa mkazi wa telala anamubweza mwana pakati paja. "Enanu khalani chete. Bambo, muitaneni inuyo nokha."

Telala anaitana Filodemasi kamodzi, kawiri, katatu, mokweza, monyengerera, ngakhale moimba. Mwana ankangoyang'ana ntchentche pazenera. Thukuta linatsika m'khosi mwa jekete. Pamapeto pake munthu wamkulu uja anayang'ana pansi, ndipo ndi mawu aang'ono ngati akupempha madzi kwa eni ake anati, "Batani."

Mwana anacheuka. Anamuyang'ana bambo ake modabwa, kenako anamwetulira, timano tiwiri tili mbee, n'kukwawa molunjika mpaka anagwira bondo la thalauza. Telala anamunyamula, ndipo misozi inalengeza m'maso. Apa m'pamene anazindikira kuti miyezi isanu ndi itatu yonseyi mzere wonse wa mashopu unkacheza ndi mwana wake, iye mwini wake asanamuitanepo ngakhale kamodzi. Zinamuwawa kwambiri, ndipo manyazi anamugwira.

Mkazi wake anatsegula chikwama n'kumupatsa khadi la kusikelo. Pamzere wa dzina panalembedwa kale kuti Batani ndi inki ya anesi, kuyambira mwezi wachinayi.

"Mundikhululukire, bambo. Ndinatopa ndi kusekedwa pabenchi." Kenako anafunsa, "Koma tandiuzani, pa makolala onse aja, a Batani mwasokapo angati?"

Telala anawerenga m'mutu zaka zonse za ntchito yake, sukulu ndi sukulu. Mapewa anayamba kugwedezeka, ndipo posakhalitsa nayenso anali kuseka. "Ndi mmodzi yemwe."

"Ndiye mukulira chiyani, alamu?" anatero wa saluni. "Munkafuna dzina lopanda mnzake, mwalipeza. Kungoti wosoka ndine."

Masana omwewo telala anakhala pampando wake, mwana ali pamiyendo, n'kumasula ulusi wagolide uja chilembo ndi chilembo. Ntchito ya miyezi isanu ndi itatu inatha kumasuka tiyi asanazizire. Ali mkati mosoka dzina lenileni ndi ulusi wake wofiira wa masiku onse, pakhomo panaima mayi wina atagwira mwana wa sukulu padzanja.

"Odi! Bambo a Batani alipo?"

Zaka zisanu anadikira kuitanidwa chonchi, ndipo sanayembekeze kuti zidzamveka motere. Mlamu wake anasuzumira kuchokera kusaluni kuti amve yankho.

"Ndilipo, mayi," anatero telala. "Lowani."

Mpaka lero mzere wonse umamuitana choncho, ndipo amavomera ndi mtima wonse. Koma mnzake aliyense akabwera kudzasoketsa timalaya ta khanda n'kunena kuti dzina akuliganizirabe, telala amaimitsa makina, n'kuloza mnyamata wake amene akuthamanga pakhonde. Akuluakulu sananame: zengerezu adalinda kwawukwawu.